Sikelo Yoyeza Zosaoneka: Mbiri ya Muyeso ndi Chimanga cha Malaŵi

Anthu ambiri a m'Chitawira, monganso anzawo a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, sadya chimanga cha m'munda mwawo. Chimanga chawo chimachokera pa msika, ndipo chimayezedwa ndi ndowa, chigoba kapena sikelo. Wogula amayang'ana ngati ndowa yadzaza, amatapa njere zingapo kuti aone ngati anankafumbwe sadaloŵemo, kenaka amalipira. Nzeru ya maso ndi manja imathera pomwepo. Koma pakati pa chaka cha 2009 ndi cha 2021, akatswiri a ulimi ndi a zaumoyo adaonetsa kuti ndowa ziŵiri zodzaza mofanana, za chimanga choyera mofanana, zingathe kusiyana ngakhale kakhumi pa mchere wina wofunika m'thupi la munthu, malinga ndi dothi la kumene chimangacho chidalimidwa. Mchere umenewu dzina lake ndi seleniyamu, ndipo makina amene adaulula za kusiyanaku amatchedwa mass spectrometer, ndiye kuti sikelo ya maatomu. Nkhani ya lero ikulondola mbiri ya sikelo imeneyi, kuchokera kumene idabadwira kufikira pamene idayeza chakudya cha Amalaŵi.

Makolo a dziko lino adali ndi miyeso yawoyawo. Nsalu inkayezedwa ndi mkono, kutalika kwa ulendo kunkanenedwa ndi masiku ogona pa njira, ndipo zokolola zinkaŵerengedwa ndi madengu ndi nkhokwe. Miyeso yotere inkakwanira pakati pa anthu odziŵana, pakuti wonyenga mnzake lero ankadziŵa kuti maŵa akaonana naye pa bwalo la mfumu. Vuto lidadza pamene malonda adayamba kufika kutali, wogula ndi wogulitsa nakhala anthu osadziŵana. Mkono wa munthu wamtali sufanana ndi wa wamfupi, ndipo dengu la ku Ntcheu silifanana ndi la ku Mulanje. Atsamunda adabwera ndi miyeso yakwawo ya mapaundi, mayadi ndi mamailosi, ndipo thumba la chimanga lidali la mapaundi 200. Mlimi wogulitsa mbewu pa msika wa boma adayenera kukhulupirira kalaliki pamodzi ndi sikelo yake, popeza iye mwini adalibe njira yotsimikizira.

Vuto lomweli lidali pakati pa maiko. Pa 20 May, 1875, maiko 17 adasainirana pangano mu mzinda wa Paris kuti pakhale muyeso umodzi wa dziko lonse lapansi. M'chaka cha 1889 adavomereza kachitsulo kobulungira kopangidwa ndi platinum ndi iridium, kotalika mamilimita 39, kuti kulemera kwake ndiko kukhale kilogalamu. Kachitsuloko kadasungidwa m'chipinda chokhoma ku Sèvres, pafupi ndi Paris, ndipo maiko adapatsidwa tizitsulo tina tofanana nako. Kuyambira pamenepo sikelo iliyonse yoona idakhala ndi mzere wa makolo ake: sikelo ya pa msika imayesedwa ndi miyala ya boma, miyala ya boma imayesedwa ndi ya kunja, mpaka mzerewo kukafika pa kachitsulo ka ku Sèvres. Kuno kwathu, m'chaka cha 1971 kwacha ndi tambala zidaloŵa m'malo mwa ndalama za mapaundi ndi masheleni, ndipo m'chaka cha 1972 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe loona za miyeso ndi ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards. Bungweli lili ku Chichiri, mtunda waufupi kuchokera ku Chitawira, ndipo ina mwa ntchito zake ndiyo kuyendera masikelo a amalonda ndi mapampu a mafuta a galimoto.

Komatu sikelo zonsezi zimayeza zinthu zogwirika. Chinthu chilichonse, kaya ndi mwala, madzi kapena nsima, chidapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka totchedwa maatomu, ndipo atomu ya mtundu uliwonse ili ndi kulemera kwake. Munthu amene angayeze kulemera kwa maatomu a m'chinthu angathe kunena mitundu ya zimene zili m'katimo ndi kuchuluka kwake. Njira yochitira zimenezi idayambira ku Cambridge, m'dziko la England, m'manja mwa J. J. Thomson, ndipo njirayo ikufanana ndi ntchito imene mayi aliyense wa kumudzi amaidziŵa. Mayi akamauluza mapira kapena mpunga, amakweza lichero nathira mbewu pa mphepo. Mankhusu opepuka amatengedwa kupita patali, pamene njere zolemera zimagwa pafupi. Thomson adapatsa maatomu mphamvu ya magetsi, nawathamangitsa m'kati mwa botolo lagalasi lopopedwa mpweya, nawapyoletsa pakati pa maginito. Maginito ndiwo adakhala mphepo yake. Maatomu opepuka adakhotetsedwa kwambiri, olemera adakhotetsedwa pang'ono, ndipo gulu lililonse lidasiya chizindikiro pa malo ake pa galasi lojambulira zithunzi.

M'chaka cha 1913 Thomson adalengeza chinthu chodabwitsa. Mpweya wotchedwa neon, umene anthu ankaganiza kuti maatomu ake onse ndi ofanana, udasiya zizindikiro ziŵiri, china pa kulemera kwa 20 ndi china pa 22. Zidaoneka kuti mtundu umodzi wa atomu ungathe kukhala ndi abale a bere limodzi, amene khalidwe lawo ndi lofanana koma kulemera kwawo ndi kosiyana. Abale otereŵa amatchedwa isotope. Wothandizira wa Thomson, Francis Aston, itatha Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, adapanga makina abwinopo m'chaka cha 1919, amene kulakwa kwake sikunkapyola gawo limodzi mwa magawo 1,000. Ndi makina ameneŵa ndi ena amene adapanga pambuyo pake, Aston adapeza ma-isotope 212, ndipo m'chaka cha 1922 adalandira mphotho ya Nobel.

Nzeru imeneyi isadathandize mlimi, idayamba yatumikira nkhondo. M'chaka cha 1935 Arthur Dempster wa ku Chicago adapeza kuti mwala wa uranium uli ndi isotope yopepukirapo ya kulemera kwa 235, imene ndi yosoŵa zedi, pafupifupi maatomu 7 mwa 1,000 alionse. M'chaka cha 1940 Alfred Nier wa ku Minnesota adaipatula pang'ono ndi makina ake, ndipo zidatsimikizika kuti imeneyi ndiyo imasweka ndi kutulutsa mphamvu yoopsa. Boma la America lidamanga makina akuluakulu a mtundu womwewu ku Oak Ridge kuti azipeta uranium usana ndi usiku. Mwala wambiri umene adagwiritsa ntchito udakumbidwa muno mu Africa, pa mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo. Bomba limene lidagwa pa Hiroshima pa 6 August, 1945, lidali ndi uranium wopetedwa motero.

Nkhondo itatha, sikelo ya maatomu idabwerera ku ntchito za mtendere, ndipo idanka nichepa msinkhu, uku ikukula luso. M'chaka cha 1953 Wolfgang Paul wa ku Bonn, m'dziko la Germany, adaonetsa kuti tindodo tinayi tachitsulo tokhala ndi magetsi osinthasintha tingathe kusefa maatomu popanda maginito olemera aja. M'chaka cha 1980 Robert Houk ndi anzake a ku Ames, m'chigawo cha Iowa, pamodzi ndi Alan Gray wa ku England, adalumikiza sefa yotere ndi laŵi la mpweya wa argon, lotentha kuposa pamwamba pa dzuŵa. Chinthu chosungunulidwa m'madzi chikaŵazidwa m'laŵi limeneli chimasweka n'kukhala maatomu okhaokha, ndipo makina amaŵerenga maatomuwo mtundu ndi mtundu. Makina otere, odziŵika ndi zilembo za ICP-MS, adayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1983. Amatha kuzindikira gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni, ngakhalenso kucheperapo. Kuti womvera amvetse, kuchepa kumeneku kuli ngati supuni yaing'ono ya mchere yosungunulidwa m'madzi a m'migolo 25,000 ya malita 200.

Palinso makina ena amene amatsekera atomu imodzi yokha m'khola la maginito ndi magetsi, naŵerenga kuti ikuzungulira kangati pa sekondi. Yolemera imazungulira pang'onopang'ono, yopepuka mofulumira. Ndi makina otere, akatswiri a ku Heidelberg ndi kwina amayeza atomu ndi kulakwa kosafika pa gawo limodzi mwa magawo 10 biliyoni, monga munthu atayeza lole ya matani 10 nazindikira kuti kafumbi ka ufa kolemera miligalamu imodzi kagwerapo. Luso loyeza litafika pamenepa, kachitsulo ka ku Sèvres kadayamba kuchititsa manyazi. Poyerekeza ndi tinzake tija, zidaoneka kuti m'zaka pafupifupi 100 padabuka kusiyana kwa mamaikulogalamu ngati 50, ndipo maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a galamu. Choncho pa 20 May, 2019, kachitsuloko kadapuma pa ntchito, ndipo kilogalamu idamangidwa pa nambala yosasintha ya chilengedwe imene imatchedwa ndi dzina la Max Planck.

Mamaikulogalamu 50 amene adasoŵetsa tulo akatswiri a miyeso ndi ofanana kukula kwake ndi seleniyamu amene munthu wamkulu amafuna pa tsiku, amene ndi mamaikulogalamu pafupifupi 55. Mchere umenewu udapezedwa m'chaka cha 1817 ndi Jöns Jacob Berzelius wa ku Sweden, ndipo kwa zaka zambiri unkadziŵika ngati chiphe, chifukwa ziŵeto zodya udzu wa pa dothi lochuluka seleniyamu zinkathothoka ubweya ndi ziboda. M'chaka cha 1957 Klaus Schwarz ndi Calvin Foltz adaonetsa kuti nyama yosoŵeratu mcherewu nayonso imadwala. Thupi limaufuna pa chitetezo chake ku matenda ndiponso pa ntchito ya chithokomiro. M'boma la Keshan, m'dziko la China, mudabuka nthenda ya mtima m'chaka cha 1935 imene inkapha makamaka ana ndi amayi, ndipo m'zaka za m'ma 1970 zidaoneka kuti kupatsa anthu seleniyamu kumaichepetsa kwambiri. Dziko la Finland, limene dothi lake ndi losoŵa mcherewu, lidalamula m'chaka cha 1984 kuti uziikidwa m'feteleza.

Kuyeza seleniyamu m'chimanga si ntchito yapafupi. Njere zimaumitsidwa, zimaperedwa, ndipo ufa wake umasungunulidwa m'asidi wotentha kufikira utakhala madzi oyera. Pamene madziwo aloŵa m'laŵi pamabuka msampha. Isotope yochuluka ya seleniyamu ndi ya kulemera kwa 80, koma atomu ya argon, mpweya wa laŵi lija, imalemera 40, ndipo ziŵiri zikagwirana zimalemeranso 80. Makina osachenjera angathe kuŵerenga argon namuyesa seleniyamu. Pa chifukwa chimenechi akatswiri amaŵerenga isotope ina, kaŵirikaŵiri ya 78, ndipo amaloŵetsa mpweya wina m'njira ya maatomu kuti uchotse alendo osaitanidwawo. Amayezanso ufa wa mboni, umene seleniyamu wake ndi wodziŵika kale, pamodzi ndi ufa wa mlimi. Mboniyo ikapereka nambala yolakwika, ntchito yonse ya tsikulo imabwerezedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene adatsogolera ntchito yoyeza chimanga cha dziko lino adali Allan Chilimba, katswiri wa za nthaka wa mu Unduna wa Zaulimi. Iye ndi anzake adatola chimanga ndi dothi m'malo 88 m'zigawo zonse za Malaŵi, ndipo zidakayezedwa ku sukulu ya ukachenjede ya Nottingham, ku England. Zotsatira zake zidasindikizidwa m'chaka cha 2011. Chimanga cha pakatikati chidapezeka ndi mamiligalamu 0.019 okha a seleniyamu pa kilogalamu, kotero kuti nsima yonse imene munthu amadya pa tsiku inkampatsa mamaikulogalamu osafika 7. Koma chimanga cholimidwa pa dothi lakuda la makande, monga la ku Chigwa cha Shire, chidali ndi seleniyamu wochuluka mpaka kakhumi. Chifukwa chake chili m'dothi momwemo. Dothi lofiira la katondo la kumapiri ndi la asidi, ndipo limamanga seleniyamu kuti mizu isamutenge, pamene makande ali ndi laimu, amene amammasula.

Funso lotsatira lidali lakuti kodi kusiyana kwa m'munda kumafika m'magazi a munthu? Kafukufuku amene adasindikizidwa m'chaka cha 2013 adayerekeza amayi a m'dera la Zombwe, m'boma la Mzimba, ndi amayi a m'dera la Mikalango, m'boma la Chikwawa. Chakudya cha tsiku lonse cha mayi aliyense chidayezedwa pamodzi ndi magazi ake. Amayi a ku Mikalango ankadya seleniyamu wochuluka pafupifupi kasanu ndi katatu poyerekeza ndi a ku Zombwe, ndipo m'magazi mwawo adalimo wochuluka pafupifupi kaŵiri. Olemba kafukufukuyo adaŵerengera kuti anthu oposa 80 mwa 100 alionse a m'dziko muno adali pa chiopsezo chosadya seleniyamu wokwanira. Pambuyo pake magazi amene adatengedwa pa kalembera wa michere ya m'thupi wa 2015 ndi 2016 adayezedwa ndi makina omwewo, ndipo Felix Phiri ndi anzake adalengeza m'chaka cha 2019 kuti amayi oposa 60 mwa 100 alionse a msinkhu wobereka adali ndi seleniyamu wopereŵera. Anthu a pa makande ndi a m'mphepete mwa Nyanja ya Malaŵi, kumene nsomba siisoŵa, adapezeka ali bwinopo. M'chaka cha 2021 padatuluka mapu a dziko lonse, ochokera pa mbewu zotoledwa m'malo oposa 1,800, oonetsa m'mene michere ya m'chimanga imasiyanirana dera ndi dera. Pa ntchito imeneyi padali Patson Nalivata ndi anzake a ku Bunda.

Izi ndizo akatswiri amazitcha njala yobisika. Mwana amadya nsima nakhuta, nkhokwe ili yodzaza, koma thupi likusoŵa kanthu kamene diso silingakaone. Kwa munthu wa m'tauni nkhaniyi ili ndi mbali yakeyake. Mlimi wa kumudzi amadya chimanga cha dothi limodzi chaka ndi chaka, pamene wa ku Chitawira amadya chosakanikirana: mwezi uno cha ku Ntcheu, mwezi wa maŵa cha ku Mozambique, nthaŵi zina chokwera phiri kuchokera ku Chikwawa. Palibe wogulitsa amene angamuuze za seleniyamu wa m'ndowa yake, ndipo mtengo wa chimanga sutsata zimenezo. Chimene chimasiyanitsa banja ndi banja m'tauni ndi ndiwo. Usipa, matemba, utaka, mazira ndi nyama zili ndi seleniyamu wochuluka kuposa nsima, kotero banja limene ndalama zake zimathera pa ufa ndi masamba ndilo limatsalira.

Muyeso womwewo udaonetsanso njira ya mankhwala. Chilimba adayesa kuthira seleniyamu m'minda ya kafukufuku ya Bvumbwe, Chitedze, Makoka, Mbawa, Ngabu ndi Zombwe, ndipo m'chaka cha 2012 adalengeza kuti magalamu 5 okha pa hekitala angawonjezere mamaikulogalamu 26 mpaka 37 pa chakudya cha munthu pa tsiku. M'chaka cha 2019 nzeruyi idayesedwa pa anthu, m'dera la Mfumu Wimbe, m'boma la Kasungu. Chimanga chidalimidwa ku Bunda, china chothiridwa seleniyamu, china chosathiridwa, ndipo ufa wake udagaŵidwa ku mabanja. Ntchitoyi idafuna kudekha, chifukwa mphekesera za anamapopa za m'chaka cha 2017 zidali zisadaiŵalike, ndipo kupempha magazi a munthu pa mudzi sikudali chinthu chopepuka. Mafumu ndi anthu a m'midzimo adayamba afotokozeredwa, ndipo ena adapita ku Bunda kukadzionera okha chimangacho. Patapita masabata 8, seleniyamu wa m'magazi a amayi odya ufa wothiridwa adakwera kuchoka pa mamaikulogalamu pafupifupi 58 kufika pa 108 pa lita, pamene wa amayi odya ufa wamba adakhala pomwepo.

Apa m'pofunika chenjezo. Seleniyamu amene amathandiza akakhala wochepa ndi yemweyo amene amapweteka akachuluka, ndipo akatswiri a ku America adaika malire a mamaikulogalamu 400 pa tsiku kwa munthu wamkulu. Wopyola malire kwa nthaŵi yaitali amathothoka tsitsi ndi zikhadabo. Choncho nkhaniyi si yoti munthu athamangire kukagula mibulu ya mankhwala popanda uphungu wa kuchipatala, ndiponso si yoti mlimi athire yekha m'munda mwake mopenekera. Pakati pa kupereŵera ndi kupyola pali kanjira kopapatiza, ndipo wosunga kanjirako ndi muyeso. Dziko lino lili ndi chitsanzo kale: mchere wa m'ndiwo uli ndi ayodini woteteza ku chotupa cha chithokomiro, ndipo shuga ali ndi vitamini A. Zonsezi zimayenda bwino pokhapokha pali anthu oyeza nthaŵi ndi nthaŵi kuti zoikidwazo zilimodi, ndipo zilimo pa mlingo wake.

Mbiri imeneyi ikuphunzitsa kuti kupita patsogolo kwa muyeso ndiko kupita patsogolo kwa chilungamo. Sikelo ya pa msika idateteza mlimi kwa wamalonda wonyenga, ndipo sikelo ya maatomu ingathe kuteteza mwana ku njala imene ngakhale mayi wake sangaione. Komabe mbiriyi yasiyanso ntchito m'manja mwa Amalaŵi. Chimanga chidali cha kuno, magazi adali a kuno, ndipo ambiri mwa ofufuza adali ana a dziko lino, koma makina oyezera adali ku England. Makina otere amafuna magetsi osazimazima, mpweya wa argon wosatha, madzi oyeretsedwa, ndipo koposa zonse amafuna amisiri odziŵa kuwasamala ndi kukayikira nambala yokayikitsa. Amisiri amenewo ndi ana amene lero akuphunzira masamu ndi sayansi m'sukulu za m'maboma onse. Manambala adapezeka, mapu adajambulidwa, ndipo mayeso a ku Kasungu adaonetsa kuti njirayo ndi yotheka. Kusandutsa magalamu 5 pa hekitala kuti akhale thanzi la mtundu wonse si ntchito ya makina. Ndi ya aphungu opanga malamulo, ogula feteleza wa dziko, alangizi a zaulimi ndi alimi eni ake.